Ndinamuyimbira Mlamu Wanga Mpaka Anagwa

Inu owerenga, ine mowa sindinaulawepo chibadwire, koma ndinathandiza kupha munthu pabwalo la mowa. Munthuyo anali Lemani, mlongo wake wa malemu mkazi wanga. Anzanga akufuna ndizinena kuti anafa ndi malungo. Ndinakana, ndipo ndikukanabe.

Ndimagwira ntchito kunjanji kuno ku Umtali, ndipo ndimakhala ku Sakubva. Mkazi wanga atamwalira, m'nyumba tinatsala awiri, ine ndi Lemani, amene anabwera kudzafuna ntchito atasiya mkazi ndi ana awiri kwathu ku Ntcheu. Lamulungu masana, ife a ku Nyasaland tinkakumana kuseri kwa nyumba ya mnzathu wina, kumene mayi wina ankafulula mowa, kuti timve za kumudzi. Ine ndinkapitako chifukwa kunyumba kunkangoti zii. Ndinkakhala pambali ndi kapu yanga ya maheu, osadzudzula munthu.

Panali masewera ena amene anzangawo ankawakonda. Munthu ankanyamula chitini cha chikokiyana, mowa waukali uja wofulula tsiku limodzi, ndipo wina ankayimba ndi mpweya umodzi. Womwayo sankaloledwa kuchotsa chitini pakamwa mpaka woyimbayo atapuma. Akachotsa msanga, ankamuseka sabata yonse kuntchito.

Tsiku limenelo kunabwera Amanyika atatu, eni dziko lino, amene timagwira nawo ntchito. Anayamba kutinyogodola kuti a Nyasa tili ndi makosi a nkhuku. Lemani, amene anali atamwa kale, anaimirira nati, "Alamu, yimbani, ndinu a kwaya. Tiwaonetse anthuwa kuti kwathu kumabadwa amuna."

Ndinakana kamodzi kokha. Kenaka ndinadziuza kuti kuyimba si kumwa. Koma zoona zake n'zakuti ndinkanyadira mpweya wanga, pakuti mukwaya yathu panalibe wokoka mawu nthawi yaitali kuposa ine. Ndinayimba nyimbo yolimira ya kwathu, Lemani n'kumaliza chitini choyamba. Chachiwiri chimodzimodzi. Pachachitatu ndinaona miyendo yake ikunjenjemera, mowa ukutsikira m'khosi mpaka m'malaya, maso ake ali pa ine pamwamba pa chitini. Ndinadziwa kuti akundipempha kuti ndipume. Anthu ankaomba m'manja, mpweya ndinali nawobe, ndipo ndinapitiriza.

Atagwa, tonse tinaseka. Tinamukokera pamthunzi wa mango, n'kumugoneka chagada kuti mowa umuthere. Dzuwa lisanalowe ndinapita kukamudzutsa kuti tizipita. Ndinapeza atasanza, masanzi atamutsamwitsa, thupi litayamba kale kuzizira.

Titaika maliro, akuluakulu a gulu lathu la a ku Nyasaland anandiitana. Anati nkhaniyi ikamveka apolisi adzamanga mayi wofulula mowa uja, ndipo amene alibe zitupa adzathamangitsidwa m'tauni. Wamkulu wawo anandigwira dzanja nati, "Achimwene, kumudzi lembani kuti anali malungo. Mukufuna kuwapha ndi chisoni apongozi anuwo?"

Ndinawayankha kuti kupolisi sindipita, pakuti sindifuna kuti wina avutike chifukwa cha ine, koma apongozi anga sindiwanamiza. Mayi amenewo anandipatsa mwana wawo wamkazi, ndinamuika m'manda a dziko la eni. Tsopano wamwamuna wagonanso komweko, ndiye ndiwatumizire bodza? Ndinalemba zonse, za chitini, za maso ake, ndi kuti woyimba ndinali ine. Lamulungu lotsatira ndinaimirira m'tchalitchi n'kunena zomwezo.

Kuyambira pamenepo ambiri sandipatsa moni. Amati ndikudziyesa woyera, ena amati imfa ya mkazi wanga inandisokoneza mutu. Anene zimene akufuna. Sindiwaweruza, pakuti mantha awo ndikuwamvetsa, koma sindibweza ngakhale liwu limodzi. Apongozi sanandiyankhe mpaka lero. Mkazi wa Lemani anangotumiza mawu kudzera kwa mphunzitsi wa kumudzi, akuti ndisadzapondenso pakhomo pake. Ndinavomera, ali ndi chifukwa.

Inu amene simumwa, musadzinamize monga ndinachitira ine. Pamasewera otere woyimba ndi woomba m'manja amamwetsa munthu kuposa mwini mowa. Mukaona mnzanu akukuyang'anani ndi maso opempha, lekani pomwepo, ngakhale bwalo lonse likusekeni. Munthu akagwa ndi mowa mugonekeni chammbali, ndipo musamusiye yekha. Zikaipa, musalole kuti anzanu akusankhireni bodza loti muzikhala nalo. Ana a Lemani adzakula, ndipo tsiku lina adzafuna kuona munthu amene anayimbira bambo awo. Adzandipeza pompano ku Sakubva, ndipo ndidzawatsegulira chitseko ndekha.