Nyumba Imene Ndinaisandutsa Makasu

Ndikukumbukira chaka chimene achimwene anga a Madalitso anabwera kuholide kwathu ku Lisasadzi ndi laputopu yakale imene amalume anawapatsa. Inali nyengo yothyola fodya. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, manja ali bii ndi phula la fodya, msana ukuwawa chifukwa chosoka masamba m'chigafa.

M'laputopumo munali gemu yomanga zinthu ndi miyala, matabwa ndi zitsulo. Chaka chonse ali kusukulu yogonera komweko, achimwene anakhala akumangamo nyumba ya malemu bambo athu: malata ake, khonde, chitseko chopendekeka chija, ngakhale mpando umene bambo ankakhalapo posankha fodya. Nyumba yeniyeniyo inagwa ndi mvula bambo atamwalira, ndipo chithunzi chake tinalibe. Amayi ataiona ya mugemuyo anangogwira pakamwa, n'kubwerera kuchigafa.

Achimwene anandionetsanso kapulogalamu kosinthira gemuyo. Ukakatchera bwino, zinthu zinkapangika zokha, iwe utapinda manja. Panali timabokosi titatu todzaza: chimene ukufuna kupanga, kumene zipangizo zichokere, ndi nambala yoti ntchito ilekezere. Kwa mwana wosoka tsamba limodzilimodzi, zimenezi zinandizunguza mutu.

"Usagwire ndisanabwere, Tadala," anatero tsiku lina akupita kuchigayo.

Koma ine makutu anali ongokongoletsa mutu. Atangokhota panjira, ndinatsegula. Ndinasankha makasu, poti pakhomo tinali nawo awiri okha ndipo m'mawa uliwonse tinkalimbirana lakuthwalo. Pa zipangizo ndinadina poti zitengedwe paliponse pafupi, monga kwathu ukafuna mpini umangodula mtengo umene uli pafupi. Kabokosi kachitatu ndinakasiya kopanda kanthu. Ine ndinkadziwa kuti ntchito imatha yokha, munthu akatopa kapena masamba akatha mumtanga. Zoti makina satopa panalibe anandiuzapo.

Nthawi yomweyo amayi anakuwa kuti mvula ikubwera ndipo fodya wothyola akadali kumunda. Tinathamanga ndi mitanga, mphepo ikununkha dothi lonyowa, mpaka tsamba lomaliza linalowa m'chigafa. Ndinabwerera kulaputopu ndikudziona ngati katswiri.

Nyumba kunalibe. Malata anali atasanduka makasu, zitseko ndi matabwa a denga zitasanduka mipini. Panatsala maziko ndi milu ya makasu, ndipo ine ndikuona, mpando wa bambo nawo unazimiririka ndi kaphokoso kakuti kho! Ndinatseka laputopu mwamantha, osadziwa kuti potseka gemu imasunga zinthu mmene zilili.

Achimwene anafika tsitsi lili mbuu ndi ufa, n'kutsegula. Ndisanafunsidwe n'komwe ndinayamba kudzitchinjiriza.

"Mwina ndi batire, achimwene."

Anayang'ana makasuwo nthawi yaitali. Kenako anati, "Chabwino. Makasu tili nawo, tilime basi."

Bola akanandimenya. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo ngakhale patsiku limene ndinakwapulidwa pamaso pa kalasi yonse. Masiku otsala a holideyo anayesa kumanganso, koma anakakamira pazenera la chipinda cha bambo. Amayi ankati linayang'ana kum'mawa, achimwene ankati linayang'ana kuchigafa. Poyamba paja analiika osaganiza n'komwe, koma tsopano chikayiko chinawalowa. Anabwerera kusukulu khoma limenelo lili losatha, ndipo sanalimalizenso.

Masiku ano ana anga amasewera magemu otere pafoni. Akalakwitsa amangobweza m'mbuyo, ndipo chilichonse pakhomo, ngakhale nkhuku, chili ndi chithunzi. Akamatchera zopanga zokhazo ndimawaimirira kumbuyo n'kumalimbikira kuti ayambe alemba polekezera, iwo n'kumandiseka kuti mayi ndi amantha.

Chaka chathachi, titakumana kumudzi, ndinalimba mtima n'kuwaululira achimwene. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinkadziwa, Tadala. Ndani wina pakhomo paja ankalirira khasu?"

Atasiya kuseka anandifunsa motsitsa mawu, "Koma iwe ndiwe unaiona komaliza nyumba ya mugemu ija. Zenera lija linali mbali iti?"

Ndinayang'ana pansi. Tsiku lija maso anga anali pamakasu.