Sopo wa pa Foni Anawononga Diso la Mwana Wanga

Inu owerenga, diso lamanzere la mwana wanga Rozina siliona bwino lero, ndipo wolakwa ndine, bambo ake.

Mayi ake atamwalira tinatsala awiri kwathu kwa Zulu. Rozina anali Folomu 4 pa sukulu yopanda labotale. Aphunzitsi ake a sayansi anaonetsa ana labotale ya pa intaneti. Umalowa pa foni, nkukhala kamunthu koyenda m'chipinda cha mabotolo, kumasakaniza mankhwala. Ukalakwitsa zimaphulika, umaseka, nkuyambiranso. Anzanga ena a mumphakati wa kutchalitchi kwathu ankati ndi zausatana. Ine sindinafulumire kuweruza. Ndinakhala pambali pake masiku angapo kuonerera, ndipo ndinaona kuti mwana akuphunziradi.

Tsiku lina anapanga sopo m'menemo, zonse nkukhoza. Anati, "Ababa, mafuta a mtedza tili nawo. Mungondigulira kositiki soda, tipange weniweni."

Apa mpamene ndinalakwa. Sindinafunse aphunzitsi. Ndinakagula sodayo pa msika wa kumalire, wa m'jumbo yopanda dzina kapena malangizo, ndipo ndinabwera naye monyadira.

Loweruka masana ndinkaswa mtedza pakhonde, Rozina ali kuseri kwa khitchini. Kamunthu ka pa foni kaja kamayamba ntchito katavala kale magalasi ndi magolovesi, suchita kukaveka. Tonse awiri sitinaganizepo zimenezi. Rozina analibe kanthu kumaso. Popeza botolo lagalasi panalibe, anaika soda m'poto wa aluminiyamu nkuthirapo madzi. Ndinamva poto akuwira popanda moto, kenako kukuwa.

Ndinampeza atagwada, manja ali kumaso, akuti, "Ababa, sindikuona." Ndinatenga mafuta kuti ndimpake. Amayi ena oyandikana nafe, amene kale anali namwino, anafika akuthamanga nkundigwira dzanja. "Siyani zimenezo, bambo a Rozina. Tungani madzi." Tinathira ndowa ndi ndowa, iwo atamtsegula zikope ndi zala, mwana akuphiriphitha. Pa njinga yamoto yopita kuchipatala ndinkayamba pemphero la Tikuoneni Maria, osafika nayo kumapeto.

Madokotala anapulumutsa diso lamanja. Lamanzere limangoona ngati muutsi. Mayeso analemba ali ndi bandeji, ndipo mpaka lero sanandinenepo mawu oipa. Zimenezi ndiye zimandipweteka kwambiri.

Foni sindinamulande, chifukwa zambiri zimene akudziwa anaphunzira momwemo. Koma makolo anzanga, m'dziko la pa foni mulibe fungo, kutentha kapena ululu, ndipo thupi limene limapsa m'menemo si la mwana wanu. Akakuuzani kuti akufuna kuyesa zenizeni, musathamangire kugula monga ndinachitira ine. Pitani naye kwa aphunzitsi, mukafunse chimene chingamuvulaze ndi choti avale. Kwa ine unali ulendo wa mphindi zochepa pa njinga yakapalasa, koma sindinapite.