Tsiku Limene Ababa Anadzivomera Okha

Ndikukumbukira momwe holo ya ku Migowi inkanunkhira Loweruka limenelo: fumbi, thukuta, utsi wa jenereta, ndi zitumbuwa zimene amayi ena ankagulitsa pakhomo. Ndinali mu Sitandade 8, ndikukhala kwa azakhali pafupi ndi msika, chifukwa kumudzi kwathu, kuseri kwa Chiringa, sukulu inali kutali. Panopa ndakalamba, mawondo amandilira ndikamadzuka, ndipo zambiri za nthawi imeneyo zinandithawa m'mutu. Koma tsiku limeneli lakana kuchoka, ngakhale ndalipirikitsa kangapo.

Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, pamene aliyense anatulukira kuti ali ndi pakamwa. Anthu amene kale ankayang'ana kumbuyo asanatsokomole tsopano ankakuwa pamsika. Ndiye anyamata ena a m'maofesi, obwera kuchokera m'maboma ena, anakonza madzulo a oimba ndi alakatuli. Anati aliyense wofuna akwere pansanja, agwire maikolofoni, atulutse zimene ali nazo. Anamata mapepala pamitengo ndi pazitseko za magolosale. Pepala limodzi linafika mpaka kwathu, wina atakulungiramo matemba, ndipo mnansi wathu anawawerengera ababa.

Ababa anatulukira kwa azakhali masana a Loweruka lomwelo, pa njinga yawo yopanda mabuleki, fumbi mpaka m'nsidze. Pakaliyala anamangirira bangwe wawo, atamukulunga m'chitenje cha amayi. Bangwe ameneyu linali thabwa la mawaya asanu ndi awiri lolowetsedwa m'chitini, ndipo ababa ankamusamala kuposa nsapato zawo za kutchalitchi. Anavala jekete la pa ukwati wawo, dzuwa lili pamutu, la mwezi wa Okutobala.

Anabwera kudzaimba nyimbo ya agogo, amayi awo. Agogo anabwera nayo kuchokera ku Mozambiki ali mtsikana, akuyenda wapansi ndi mtolo pamutu, ndipo inali ya Chilomwe chokhachokha. Inkanena za anthu amene akuwoloka madzi, wakutsogolo akufunsa ngati onse alipo, akumbuyo akuyankha kuti tilipo, yendani. Nyimbo zakwathu siziimbidwa ndi munthu mmodzi. Woyambitsa amaponya mzere wake n'kukhala chete, zala zokha zikuyenda pamawaya, ndipo ena amavomera. Popanda wovomera, woyambitsa sangapite kumzere wachiwiri. Agogo atamwalira, pakhomo pathu wovomera ndinatsala ine ndekha. Amayi anali Amang'anja, mawu a nyimboyi ankawakola lilime, ndipo achimwene anga ankati zimenezo n'zachikale.

Tinayeserera kawiri kuseri kwa khitchini ya azakhali. Mawu anga anatuluka bwinobwino, nkhuku zikutimvetsera.

"Iwe ukangovomera koyamba, ena atsatira," anatero ababa. "Ku Migowi kuno Alomwe ndi ambiri, angobisala. Ukavomera eti, Esinati?"

"Ndikavomera, ababa."

Ndinalonjeza ndi mtima wonse, sindikunama. Kungoti kuseri kwa khitchini kunalibe Kirisi.

Kirisi anali mnzanga wa m'kalasi, mwana wa bwana wina wa zamalimidwe wochokera ku Dedza. Anali ndi nsapato zasukulu zenizeni ndiponso Chichewa chosalala cha pawailesi. Chaka chonse ndinakhala ndikuwongola lilime langa kuti lifanane ndi lake, chifukwa nditangofika kumene kalasi yonse inkandiseka kakwezedwe ka mawu, ena n'kumanditcha Mnguru, dzina lonyoza Alomwe. Pofika Okutobala anzanga anali ataiwala, ndipo Kirisi ankandigawira chinangwa chake chokazinga. Titalowa m'holo anandiona, n'kundikokera pabenchi pamene anakhala ndi atsikana ena atatu. Ababa anakakhala kutsogolo, bangwe pamiyendo.

Zinayamba cha m'ma folo koloko. Koma abale, tinamva zinthu tsiku limenelo! Maikolofoni inkalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, ndipo woyendetsa mwambo, a Kachingwe, kalaliki wamtali wa tayi yofiira, ankaimenya ndi chala n'kumawerenga wani, thu, wani, thu. Kunabwera mlakatuli wina amene ankatukula chibakera pamzere uliwonse, akutchula ufulu mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Wachiwiri analakatula za ufulu womwewo, wachitatunso chimodzimodzi, kungosintha malaya. Kunabwera anyamata a rege, mmodzi atavala chipewa chaubweya kutentha konse kuja, gitala wawo waya umodzi utaduka. Kwaya ina ya amayi inaimba bwino kwambiri, koma inakana kutsika mpaka a Kachingwe anachita kuloza wotchi yawo. Lamulo linali lakuti aliyense mphindi zisanu.

Ababa anangokhala, akuwombera m'manja aliyense. Maola awiri anatha osaitanidwa. Iwo ankadziwa za kumudzi, kumene pabwalo woyendetsa zinthu amaona yekha kuti apa pali wamkulu, n'kumupatsa mpata. Sankadziwa kuti pakhomo panali pepala lolembapo mayina. Nditazindikira ndinanyamuka ngati ndikupita kukataya madzi, n'kukalemba dzina lawo pansi penipeni, pambuyo pa anthu makumi awiri ndi mphambu. Ndinabwerera pabenchi osauza Kirisi kumene ndinapita.

Pofika nthawi yawo kunja kunali kutada, mababu awiri akuthwanima monga mwa mphamvu ya jenereta. Anthu anali atatopa. Ana anali kugona pamiyendo ya amayi awo, ena anali atayamba kutuluka, ndipo kumbuyo kunadzaza anyamata ochokera kumowa. A Kachingwe anawerenga dzina la ababa molakwitsa, n'kuwonjeza kuti madala achite changu, mafuta a jenereta atsala pang'ono.

Ababa sanachite changu. Anavula chipewa, n'kuyamba kupereka moni monga amachitira munthu wolemekezeka. Analonjera mafumu, ngakhale munalibe mfumu ndi imodzi yomwe. Analonjera abwana a m'maofesi, aphunzitsi, amayi, abambo, achinyamata, mpaka mwini jenereta. Chichewa chawo chinkakwera ndi kutsika mwa Chilomwe, ndipo maikolofoni inachikuza m'holo yonse. Kirisi anandigwira mkono akuseka.

"Tamvera madalawa! Achokera kuti amenewa?"

Ndinayang'ana zala zanga zakumapazi.

Kenaka anakhala pampando, n'kuyamba kukhwacha bangwe. Apa ndinene zoona, holo inakhala bata. Ababa ankadziwa kuimba. Mawu awo anali okhuthala, onjenjemera pang'ono kumapeto, ndipo mzere woyamba unatuluka bwino kuposa tsiku lina lililonse. Anafunsa m'Chilomwe ngati onse alipo. Atatero anatseka pakamwa, zala zikuyendabe pamawaya, kundisiyira mpata wanga.

Mawu ndinali nawo, anali pakhosi pomwepa. Koma dzanja la Kirisi linali lidakali pamkono panga, lofunda, ndipo ndinaona Lolemba likubwera, kalasi yonse ikundiyeserera. Ndinati ndivomera ulendo wachiwiri. Mpata unadutsa wopanda kanthu.

Ababa anakweza mutu, akufinya maso chifukwa cha babu limene linali pamphumi pawo. Anandifunafuna mbali yolakwika. Anabwereza mzere uja, mokweza pang'ono, n'kudikiranso. M'holomo munali Alomwe, ndikudziwa. Amayi ogulitsa zitumbuwa aja anali ataima pakhomo, milomo yawo ikugwedera popanda mawu. Wina aliyense ankadikira mnzake kuti ayambe, ndipo woyamba uja ndinali ine.

"Imbani Chichewa, madala, sitikumva!" anakuwa wina kumbuyo.

Ababa anaponya mzere uja kachitatu. A Kachingwe anayang'ana wotchi. Ndipo ababa, ataona kuti palibe, anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anachepetsa mawu kukhala aang'ono ngati a mkazi, n'kudzivomera okha. Kenaka anabwerera ku mawu awo enieni kufunsa mzere wachiwiri, n'kudziyankhanso ndi timawu tija. Munthu mmodzi, kufunsa yekha ngati onse alipo, n'kudziyankha yekha kuti tilipo.

Holo inaphulika ndi phwete. Anthu anayesa ndi sewero. Anyamata akumbuyo anaimba mluzu, ena anakwera pamabenchi, Kirisi misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Nanenso ndinatsegula pakamwa kuti ndioneke ngati ndikuseka, ndipo chimenechi ndicho chimandiwawa kuposa kukhala chete kuja. Ababa anaimba mpaka kumapeto, mizere yonse isanu ndi umodzi, thukuta likutsikira m'kolala ya jekete. Atamaliza anawaombera m'manja kuposa wina aliyense tsiku limenelo. A Kachingwe anawagwira chanza n'kulengeza kuti Chiringa yatitumizira katswiri wa nthabwala, abwerenso ulendo wina. Ababa anawerama, kuthokoza, n'kuvala chipewa chawo.

Anagona kwa azakhali. M'mawa ndinawapeza panja akumangirira bangwe pakaliyala. Ankakoka chingwe cha mphira pang'onopang'ono, ngati munthu amene walima tsiku lonse. Ndinaima pafupi nawo nditanyamula madzi osamba, osadziwa poyambira. Anayamba ndi iwo, osandiyang'ana.

"Makina ajawa amasokosera kwambiri. Mwina kumene unakhala sikumamveka bwino."

Anandipatsa khomo lothawira, ndipo ine ndinatulukira pomwepo.

"Eya, ababa. Sikumamveka bwino."

Anagwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndilimbikire mayeso. Anakankha njinga mpaka pamsewu asanakwere. Azakhali anawaitana kuti adikire tiyi, koma anati dzuwa likwera.

Bangwe anapitiriza kumuimba pakhonde, nyimbo zina za Chichewa ndi za kutchalitchi. Ya agogo ija sindinaimvenso. Tchuthi chilichonse ndinkati ndiwapempha tiimbe, ndipo tchuthi chilichonse ndinkapeza chifukwa chodikirira. Ndinapita ku sekondale, kenaka kuntchito ku Blantyre, kenaka ana. Anamwalira ndili ndi mimba ya mwana wachiwiri, nkhani ya tsiku lija tisanaikambeponso.

Masiku ano zinthu zinatembenuka. Chilomwe chili pawailesi, anthu amasoketsa malaya olemba mtundu wawo, ndipo amene ankabisala aja ndiwo amakhala kutsogolo pa magule. Madzulo a oimba ndi alakatuli ali paliponse, achinyamata akujambulana ndi mafoni, ndipo woimba chilankhulo cha agogo ake amamuimbira nthungululu. Sindidana nazo, n'zabwino ndithu. Kungoti ndikaziona ndimamva kutopa, kutopa kwa munthu amene wafika pa siteji basi itapita kalekale.

Chaka chatha mdzukulu wanga anabwera kuchokera kusukulu, akuti aphunzitsi awauza kuti aliyense akabwere ndi nyimbo ya makolo ake. Anakhala pansi ndi kope ndi cholembera, maso ali pa ine. Ndinamuimbira zimene ndili nazo, iye n'kulemba, kenaka anakwinya nkhope n'kundifunsa chifukwa chake nyimboyo ikungoti tilipo, yendani, tilipo, yendani, popanda wofunsa. Ndinayesa kukumbukira mpaka mutu kuwawa. Mbali yanga ndikuidziwa yonse, liwu ndi liwu, ndipo nditha kuivomera ngakhale mutandidzutsa kutulo. Mbali ya ababa anapita nayo.