Mphindi Zisanu za Injiniya

Fungo ndilo linayamba kumuuza. Asanatsegule n'komwe chitseko, mtsikanayo anamva kununkha kwa pulasitiki wopserera. Atalowa anapeza sikirini ya kompyuta ili bii, fani yasiya kulira, kautsi kakutuluka kumbuyo kwa bokosi.

"Wapsereza chiyani, Injiniya?" anafunsa bambo ake ali pampando wawo wa pazenera. "Ndakhala ndikumva fungo kuyambira m'mawa, koma kuti ndione pamene pakufuka, maso akanika."

Mtsikanayo anakhala pansi, chikwama chili m'manja, n'kuyamba kulira ngati mwana.

Inu amene mukuwerenga, musanamuseke kuti akulirira chitsulo, ndikuuzeni kaye za anthu awiriwa.

Bambowa anali mmisiri womanga nyumba. Kwa zaka makumi atatu anamanga nyumba za eni, zina zosanjikiza, koma iwo ankagona m'zipinda ziwiri za lendi zodontha mvula ikagwa. Nyumba yawoyawo inali papepala pokha. Pulani yake anaijambula ndi pensulo pamodzi ndi malemu akazi awo, n'kuipinda m'chikwama cha zida, pansi pa levulo yoyezera kuwongoka kwa khoma. Kenako matenda a shuga anawatsitsa pamakwerero. Diso lamanzere linafa, lamanja linkazima pang'onopang'ono, ndipo dokotala sanapite m'mbali: "Mwezi umodzi, mwina iwiri mukachita mwayi. Zimene mukufuna kuona, oneranitu."

Mwana anali mmodzi yekhayo. Mayeso omaliza a kusekondale anamugwetsa kawiri, masamu ndiwo ankamupinga. Poti ali wamng'ono ankauza aliyense kuti adzakhala injiniya, anthu anamumata dzina lomwelo mwachipongwe. "Injiniya, tatifotokoperani ichi!" Paja ankagwira ntchito pamalo ofotokopa mapepala. Bambo ake okha ndi amene ankalitchula dzinalo popanda kuseka.

Kuntchito kwakeko kunali kompyuta yakale imene abwana ankafuna kutaya. Iye anaipempha, n'kudziphunzitsa yekha pulogalamu yomangira nyumba pa sikirini, zooneka ngati zenizeni, zoti munthu n'kulowamo n'kumayendayenda. Atamva mawu a dokotala anatsimikiza chinthu chimodzi: bambo ake adzalowa m'nyumba yawo ija ndi diso lawo lomwe, ngakhale pakanema chabe. Mizere ya pensulo bambowo sankaionanso, koma chinthu chachikulu chowala ankachionabe.

Vuto linali khadi ya zithunzi. Kameneka ndi kachipangizo ka m'kati mwa kompyuta kamene kamajambula zonse zooneka pa sikirini. Yake inali yotchipa, yogwiritsidwa kale ntchito. Kanema ndi zithunzi zambirimbiri zotsatizana, ndipo wake, ngakhale anamudula mpaka kutsala wosakwana mphindi imodzi, ankafuna zithunzi 900. Chithunzi chimodzi chinkatenga mphindi 40. Masamu amenewa sanamuvute: masiku 25, kompyuta ikulira usana ndi usiku.

"Ababa, bwanji ndizikuonetsani chilichonse chikamatuluka?" anawapempha.

"Iyayi," anakana kwamtuwagalu. "Pa moyo wanga wonse sindinaperekepo nyumba yopanda denga kwa mwini wake. Maliza. Ndidzalowera pakhomo ngati munthu."

Mantha ndi mlangizi woipa. Patatha mlungu umodzi, mtsikanayo anaona pafoni mnyamata wina akufotokoza za kuovakiloka, kutanthauza kuikakamiza khadi kuti ithamange kuposa liwiro limene anaiikira kufakitale. Sanaonere mpaka kumapeto. Anatsegula kapulogalamu kake, n'kukokera tonse tokwezera liwiro ndi mphamvu ya magetsi mpaka kumathero, kenako n'kupita kuntchito akudziona kuchenjera. Pobwera masana, ndiye fungo lija. Khadi inapita, ndipo popsapo inakokera kumanda zithunzi zonse za mlunguwo, chifukwa kompyuta inazima mwadzidzidzi n'kuwononga malo amene ankazisunga. Anangotsala ndi pulani yokha ya nyumbayo imene anaikopera pa fulashi, kachipangizo kosungirapo zinthu za pakompyuta.

M'mawa mwake ananyamula bokosi lonse pamutu kupita kwa wokonza makompyuta wa kuseri kwa msika. Anthu ankawatchula kuti a Mawaya, chifukwa thumba lililonse la malaya awo linkatuluka nthambo. Iwo anazula khadi ija, n'kuinunkhiza.

"Iyi ndiye yapsa bwino, yangosowa mchere," anatero. "Unaikweza kangati?"

"Kamodzi, bambo. Mpaka kumapeto."

"Kamodzi! Ndiye ndiwe Injiniya amanena uja? Fumbi lili thoo m'fani ngati bulangete, iwe n'kuiuza kuti thamanga. Ngakhale bulu angakulume."

Mtsikanayo sanaseke. Anawafotokozera za diso la bambo ake. A Mawaya anakoka katoni pansi pa tebulo n'kutulutsa khadi ina, yotchipa ngati yoyamba ija, fani yake itathyoka phiko limodzi.

"Mwini wake anaitaya. Ukaikonza ndi manja ako ndi yako. Ine ndizingoloza."

Mtsikanayo anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Anamasula timasikulufu, n'kupukuta fumbi ndi mswachi wakale. Anapala mankhwala otuwa oziziritsa amene anali atauma gwaa pamtima pa khadi, n'kupaka atsopano, kadontho kofanana ndi njere. Fani anaichotsa pa khadi yake yakufa ija, poti inali isanapse. Kenako a Mawaya anamupatsa kope ndi cholembera.

"Tsopano tamvera. Za mphamvu ya magetsi usakhudzenso. Liwiro uzikweza pang'ono, kakang'ono kwenikweni, n'kujambula chithunzi chimodzi. Uchiyang'anitsitse. Chikatuluka choyera, sunga, lemba m'kope, kwezanso pang'ono. Ukaona timadontho tobiriwira kapena timizere tachilendo, ndiye kuti khadi yakuuza kuti basi. Bwerera m'mbuyo kawiri, uime pomwepo. Diso lina likhale pa kutentha, isapyole madigiri 80."

"Ndiye ithamanga kuwirikiza kawiri?"

"Kawiri? Mwanawe, iyi ndi njinga, sidzakhala galimoto. Ukapeza mphindi zisanu pa chithunzi uthokoze Mulungu."

Mphindi zisanu. Mtsikanayo anabwerera kunyumba mtima uli pansi. Mphindi zisanu n'chiyani pamaso pa diso limene likufa?

Komabe anachita monga anamuuzira. Anatsegula mbali ya bokosi, n'kuliika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Kukweza, kujambula, kuyang'ana, kulemba. Mphindi 39. Mphindi 38. Atakweza kachisanu ndi chiwiri, m'chithunzimo pakhoma la pabalaza panatuluka timadontho tobiriwira. Anataya chithunzicho, n'kubwerera m'mbuyo kawiri. Khadi inakhazikika pa mphindi 35, ndipo fani inkalira mofanana, osakwera, osatsika.

Masiku anayamba kuyenda, diso nalonso likuyenda. Tsiku lakhumi bambo aja anathira madzi pambali pa kapu. Patapita masiku ena anayi anapatsa moni jekete limene linali pamsomali. Anadziseka okha, koma mwana wawo anatuluka panja kukalirira kuseri kwa nyumba. Zinkamuwawa kuona manja amene ankawongola khoma popanda chingwe akupapasa kufunafuna supuni.

Tsiku la 17 mtsikanayo anabwera kudzadya masana n'kupeza bambo ake akufunsa ngati kunja kuli mitambo, pamene dzuwa linali likuswa mtengo. Mtima unamuthawa. Anakhala pa kompyuta, n'kukwezanso liwiro, mwakachetechete, ngati wakuba. Fani inayamba kufuula.

"Injiniya."

"Ababa?"

"Makina ako asintha kulira. Wawatani?"

"Ndangowonjezera pang'ono. Nthawi ikutha, Ababa. Mukapanda kuiona nyumbayi, ine ndidzakhala ndi mtima wotani?"

"Bweza pamene panali." Mawu awo anali ofatsa. "Ndili mnyamata ndinakweza khoma lonse tsiku limodzi kuti abwana andiyamikire. Simenti inali isanagwire. M'mawa tinalipeza lagona pansi, n'kuyambanso pa maziko. Khoma amakweza mizere yowerengeka, n'kulisiya ligwire. Wapsereza kale imodzi, mwanangu. Yachiwiri ikapita, ndiye kuti sindidzalowa."

Anabweza, misozi ikudonthera pa tebulo. Paja akulu anati kuthamanga sikufika, koma mawu amenewa ndi okoma pokamba. Kuwatsata pamene bambo ako akuchita khungu iwe ukuona, n'kowawa zedi.

Chithunzi cha 900 chinatuluka tsiku la 22, cha m'ma 10 koloko m'mawa. A Mawaya anatseka shopu yawo, n'kubwera ndi TV yaikulu pa wilibala. Anatchinga mazenera ndi mabulangete kuti sikirini iwale kwambiri. Bambo a mtsikanayo anavala malaya awo opitira kutchalitchi, n'kupempha kuti awapesere tsitsi. Mpando anaukokera pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi.

Chitseko chofiirira chinatseguka. Pabalaza, makoma oyera. Kakhonde kopita kuzipinda. Bambo aja anapendeketsa mutu kuti diso lamanja ligwire bwino.

"Imitsa pamenepo," anatero. "Masitepe awa wawatalikitsa. Mayi ako ndi bondo lawo lija sakanakwera."

"Ndinatsata pulani yanu, Ababa."

"Ndiye wolakwa ndine. Pitiriza."

A Mawaya anaseka. Kanema anakhotera kukhitchini. Pamenepo panali zenera lalikulu loyang'ana pabwalo, dzuwa likulowa mpaka pasinki. Malemu aja ndi amene analiumirira zenera limenelo, ati azidzatsuka mbale akuona mwana wawo akusewera. Mmisiri anatambasula dzanja n'kugwira galasi la TV. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka.

"Bwezanso," anatero pamapeto pake.

Anabweza. Tsiku limenelo analowa m'nyumba yawo kosawerengeka. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Ankaimitsa paliponse, kuwerenga mazenera, kutsutsa utoto wa kubafa, kufunsa ngati kudenga kuli malo a thanki ya madzi.

M'mawa wa tsiku la 25 anakhala pampando uja n'kunena kuti, "Yatsa tilowe, Injiniya."

Mtsikanayo anayang'ana TV. Chitseko chofiirira chinali chitatseguka kale, pabalaza pakuwala.

"Ndayatsa kale, Ababa."

Bambo aja anaphethira kangapo, n'kutembenuza mutu uku ndi uku. Kenako anapuma mpweya wautali.

"Chabwino. Zimitsa, usawononge magetsi. Ndailoweza. Ukalowa pakhomo, mapazi asanu ndi awiri, n'kukhotera kumanja, uli kukhitchini kwa mayi ako. Kumeneko ndikafika ndekha, sindifuna wondigwira dzanja."

Mwana wawo anagwada n'kuika mutu pamiyendo pawo. Akulira choncho, anakumbukira masamu aja. Tsiku la 25. Khadi ija akanaisiya pa liwiro lake lakale, kanemayo akanatha tsiku lomwelo, n'kupeza diso litatseka. Akanaikakamiza, ikanapsa osatha n'komwe. Mphindi zisanu zimene anazinyoza zija zinaunjikana n'kukhala masiku atatu, ndipo m'masiku atatuwo mmisiri anakhala m'nyumba yakeyake.

Bambowo anamwalira chaka chotsatira, m'chipinda cha lendi chomwe chija. M'nyumba yawoyawo ya njerwa sanagonemo. Sindikunamizani kuti zonse zinatha mokoma, chifukwa bala limenelo mwana wawo adakali nalo.

Koma a Mawaya pakamwa sipatseka. Aliyense wobwera kudzakonzetsa kompyuta ankamuonetsa kanema uja, kufuna asafune. Tsiku lina anaonetsa mayi wina womangitsa nyumba zogulitsa, ndipo mayiyo anafunsa kuti wapanga ndani. Inabwera ntchito yoyamba, kenako yachiwiri, zonse pa khadi yotola m'katoni ija. Mtsikanayo analembanso mayeso kachitatu n'kukhoza, masamu omwe. Lero ali ndi ofesi yake, ndipo omanga nyumba amadikira pamzere kuti awaonetse nyumba zawo zisanamangidwe. Amene ankamutcha Injiniya monyoza akumutchabe choncho, koma tsopano amayamba avula chipewa.

Pa tebulo lake pali khadi yopserera, yopanda fani, pambali pa levulo yakale. Wophunzira ntchito aliyense watsopano amayamba wainunkhiza, kenako amapatsidwa kope ndi cholembera.

Mwina nanunso chimene muli nacho m'manja ndi chotchipa, chotola, chimene ena anataya. Mwina nthawi ikukutherani, ndipo mantha akukunong'onezani kuti kokerani zonse mpaka kumapeto lero lomwe. Musamvere. Pukutani fumbi, kwezani pang'ono, yang'anani, lembani, ndipo chikakuuzani kuti basi, mverani. Mukapsereza yoyamba, lirani ndithu, koma mawa munyamule bokosi pamutu mukafunse kwa odziwa.

Osanyoza mphindi zisanu. Osataya mtima. Pali wina amene akudikira kulowa pakhomo diso lisanatseke.