Kanema wa m'chitenje

Ndinanama, inde. Koma mumve kaye.

A bungwe lina anatipatsa laputopu ku sikimu yathu ya mpunga ku Makhuwira, kuti ine wapampando ndizionetsa alimi makanema. Kuwala kwa galasi lake anakutsitsa n'kukhoma, ati batire isamathe msanga. Ukafuna kuwonjezera, inkafunsa nambala yachinsinsi, ndipo nambalayo inali ndi mlangizi ku boma ku Chikwawa.

Tsiku la msonkhano dzuwa linali loswa mtengo. Pagalasi panangoti bii. Ndinalanda chitenje cha mkazi wanga n'kudzifunditsa pamodzi ndi makinawo. Thukuta linadzaza m'maso, mawu a kanema ankangolira ngati udzudzu, ndipo ndinkaona zithunzithunzi za anthu ndi madzi basi.

"Akuti chiyani m'menemo, apampando?" anafunsa mayi wina.

"Akuti tiziwokera mbande ziwiriziwiri," ndinayankha ndili m'chitenjemo. Ndinapitiriza kupeka mpaka anthu anaomba m'manja.

Mlangizi atabwera n'kulowetsa nambala yake, galasi linawala pamaso pa onse. Kanemayo anali wophunzitsa kusamba m'manja popewa kolera.

Paupampando anandichotsa, ndipo mpaka lero amanditchula Achitenje. Manyazi ndili nawo, koma kupepesa ayi. Akupatse chinthu, nyali yake n'kupita nayo ku Chikwawa? Apepese iwowo.