Dawe wamera pamanda panu, Ababa

Ababa, lero chakwana chaka chimwalirireni inu. M'mawa uno tinapita ndi achimwene kukalambula pamanda panu, ndiye tapeza pamera dawe, udzu uja munkadana nawo koopsa. Ine ndinanyamula kambwiri kanu, kakhasu kakutha kaja munkakana kubwereketsa ngakhale kwa abusa. Nditangogwira mpini wake, ndinakumbuka tsiku lina ku Chilomoni, pakadimba kathu ka mpiru kuseri kwa nyumba. Ndinali nditazula dawe yense ndi manja, mwachanguchangu, kuti ndithamangire minibasi ya m'tauni. Inu munangoseka. "Iwe Mphatso, ameneyu wangomumeta. Pofika Loweruka adzakupatsa moni." Kenako munagwada, mawondo akuwawa choncho, n'kumakumba pang'onopang'ono mpaka munatulutsa kambatata kakuda kamene kamabisala pansi. Munakaika m'dzanja langa n'kunena kuti, "Mwini wake ndi uyu. Ukamusiya, wangovutika chabe."

Lero ndinagwada ngati inu, chochita ndikuchidziwa bwinobwino. Koma khasu litangolowa m'dothi, manja anga anakana. Ndikumbe bwanji mozama pamene pansipo mwagona inu? Achimwene anati, "Tafulumira iwe, mvula ikubwera." Ine ndinangodula masamba okha pamwamba, misozi ili chuchuchu. Ndamumeta, Ababa, zomwe zija munkandiletsa, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko mukundiseka. Ameranso, inde. Musiyeni amere. Akamera, ine ndi kambwiri kanu tidzabweranso kudzakupatsani moni.