Tulo ta Agogo Lin

Ndikakumbukira agogo Lin, ndimamva fungo la mafuta amene ankapaka m'mawondo, lolasa m'mphuno ngati masamba a bulugamu, litasakanikirana ndi utsi wa zinyalala zimene anthu ankatentha kuseri kwa mipanda ku Area 47. Anali nkhalamba ya ku China, bambo ake a neba wathu amene anali ndi sitolo ya nsapato ku Area 1.

Dzuwa likamatuluka, ankaima pakapinga n'kuyamba gule wawo wopanda ng'oma. Manja ankayenda pang'onopang'ono ngati akukankha madzi, mwendo umodzi uli m'mwamba osagwedera, chonsecho mutu uli mbuu ndi imvi. Ine ndi mng'ono wanga Tadala tinkasuzumira pa chibowo cha mpanda kukamwa kuli yasa, phala likuzizira patebulo.

Kenako anasiya kutuluka. Mwana wawo anadandaulira amayi anga pageti: "Chimwalirireni amayi kwathu ku China, bambo sagona. Mawondo atupa, chakudya akukana, amangoyang'ana khoma. Mankhwala alandira, koma adokotala akuti ndi matenda a nkhawa, asamakhale okhaokha."

Loweruka m'mawa amayi anatigwira padzanja mpaka pakapinga paja. "Vinani gule wa agogo uja."

"Amayi, sitimutha," ndinatero.

"N'zimene ndikufunazo."

Tinavina zokhotakhota mpaka Tadala anagwa chagada. Katani inagwedezeka. Chitseko chitatseguka, anatulukira agogo ataonda, maso ali psuu, akutsamira ndodo.

"Ayi, ayi! Pang'ono pang'ono, mwana!" anatero m'Chichewa chawo chothyokathyoka.

Anaimika ndodo kukhoma, n'kupinda mawondo otupawo, nkhope itachita makwinya ndi ululu, kenako anakweza manja. Munthu amene ankalephera kuyenda uja anaima nji ngati mtengo wa m'bawa, ndipo amayi anagwira pakamwa.

Sanachire tsiku limenelo. Dzinja lonse tinkayamba tapita kwawo tisanapite kusukulu, ndipo masiku ena ankangotiyang'ana pawindo. Koma m'mawa wina mwana wawo anatichingamira pageti akunong'ona: "Lero bwererani, akadali m'tulo." Amayi, amene anatiperekeza tsikulo, anaiwala kuti pafunika bata, anaimba nthungululu pamsewu pomwepo.

Lero amayi akalamba, ndipo amakhala okha. Akandiuza pafoni kuti tulo tikuvuta, sindinena kuti zitha zokha. Ndimaveka ana anga nsapato, tikwere minibasi tikawasokosere.